Linki ya Asewere Imatseguka, Yanga Ayi

Lolemba, 5 Meyi, 10 koloko m'mawa

Makina ndavundikira. Ntchito ilipo, mtima ndiye palibe. Kope ili ndi la miyeso ya makasitomala, koma masamba akumbuyo ali mbee, ndilembamo zanga. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Zilembo zikapindika zipindike, wowerenga ndine ndemwe.

Nkhani ndi iyi. Mwezi wathawu a ku laibulale anatiitana ife amayi akale kuti tikafotokoze ntchito zomwe tagwira pamoyo wathu. Anatijambula mawu, n'kuwaika pa intaneti kuti ana a sukulu azimvera. Woyendetsa zonsezi ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, amagwira ntchito komweko. Anaitana ine, telala wa zaka 46 pa makina. Anaitananso mayi ake omubereka, asewere anga, amene anali anamwino. Magalasi a tcheni m'khosi. Akamatsokomola amatsokomola mwaulemu, ngati apempha chilolezo.

Lero ndadutsa pa laibulale pokagula ulusi. Pakhomo aikapo kanema, nkhope zathu zikusinthana, pansi pa nkhope nambala ya anthu amene amvera. Asewere 212. Ine 9.

Makasitomala anga a sabata imodzi amaposa pamenepo.

Kodi ananena chiyani asewere choti anthu 212 atchere khutu? Ndinali pomwepo tsiku lojambula. Amawerenga papepala. "M'chaka chakuti ndinasamutsidwira ku wodi yakuti." Ntchentche inagona pa zenera. Ine ndinakamba za singano imene inandiboola chala ndili mtsikana, ndikuba kuphunzira pa makina a abwana kumene ndinkasesa. Momwe ndinakulungira chalacho ndi chigamba kuti magazi asadonthere pa diresi la eni ake, n'kumasesa ndi dzanja limodzi, abwana n'kumandiyamikira kuti ndasesa modekha. Wojambula anaseka mpaka anaimitsa makina ake. Ndinakambanso za mpendero, kuti yunifomu ya mwana ndimapinda mpendero waukulu mwakachetechete, kuti akakula amake angomasula, ivalike zaka zitatu. Zonsezo 9.

Tsono chondiwawa chenicheni ndi Kabatani. Mdzukulu wathu tonse awiri, ine ndi asewere, mmodzi yekhayo. Dzinalo ndinamupatsa ndine, anameza batani la malaya ali ndi zaka zitatu, pansi pa tebulo lomwe lino. Lero ndi chimtsikana, akuphunzira uphunzitsi, anamutumiza ku sukulu ina kutali kukayeserera. Pa 22 kukubwera omuyesa, adzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi mapepala awo. Phunziro lake ndi la ntchito za amayi. Adzaika mawu a agogo mmodzi. Awiri ayi, akuti nthawi ndi yochepa. Ndinamufunsa pa foni, agogo ake ati? Akuti, "Ndiona, agogo."

Ndiona. Mwana woti ndinamufufuzira batani m'chimbudzi chake masiku awiri.

Lachitatu, 7 Meyi

Mayi wa saluni, woyandikana nane khomo, wanditsegula maso. Akuti anthu amafika pa mawuwo ndi linki, kamzere ka zilembo, ngati keyala ya nyumba. Ya asewere ikuyenda m'mafoni a anamwino onse, opuma ndi osapuma. Yafika mpaka kwa iye kudzera kwa mng'ono wake wa kuchipatala. Nanga ine anzanga a ntchito ndani? Makina ndi lumo.

Akuti, "Kafunseni apongozi anu akupatseni yanu." Ine? Ndikapemphe kwa mwana wa asewere? Mwana wanga ali paulendo ndi chigalimoto chake, mwezi wathunthu. Ndinati ndidzitengera ndekha. Miyendo ndili nayo.

Ndinapita nthawi ya nkhomaliro, mpongozi atatuluka. Mlonda sanandivute, thalauza wavalalo ndinalibweza m'chiuno ndine. Bambo wa dazi wa pa desiki anandilowetsa pa kompyuta ndi nambala ya khadi langa la laibulale, n'kundipezera tsamba langa. Nkhope yanga ndwii. Anandifunsa ngati ndikufuna china. Ndinati ayi, ndingomvera. Atachoka ndinayang'ana pamwamba penipeni. Linki ili apo, yaitali ngati chingwe choyanikira zovala. Zilembo, manambala, timitanda, timichira, tina tonga mbedza. Ndinakopera kamodzikamodzi, chala pa galasi. Ola ndi theka. Mizere itatu ndi theka m'kope. Ndinabwereza katatu, palibe chophonya. Ine muyeso sindiphonya.

Madzulo ndadula makatoni a mazipi, timapepala 24. Dzanja lauma gwa. Chovala chilichonse chotuluka pano chizituluka ndi kapepala m'thumba, kosomeka ndi phini. Wa saluni wajambula kamodzi ndi foni yake n'kutumizira Kabatani, kuti mwana asavutike kufunsa amake. Kabatani akuti zilembo zachuluka, ayesa akapeza mpata.

Tione tsopano, a magalasi.

Loweruka, 10 Meyi

Yafa.

Woyamba mkazi wa a butchala. "Agogo, mawu anu aja athawa." Kenako bambo wa njinga zamoto, akuti wataya nthawi ya makasitomala awiri akulemba timichira tanga. Kenako aphunzitsi opuma a kuseri kwa msewu, munthu wosamala, anabwereza kawiri. Onse chimodzimodzi. Foni ikuti nthawi yatha, kapena ikufuna nambala ya khadi. Nthawi ya chiyani yatha? Ine ndili moyo.

Wa saluni anayesa ndikuona. Zii. Kenako anadina ya asewere kamodzi kokha, ndiye mawu aja tswee, "M'chaka chakuti." Ndipo yawo ndi kamzere kamodzi, kaukhondo, konga mwini wake. Yanga ngati njoka yopondedwa ndi lole.

Mwana wakhanda angaone. Wina anapatsa mayi ake khomo lakumaso, ine n'kundipatsa khomo lojambula pakhoma.

Ndadutsa pa kanema paja. Asewere 240. Ine 15. Asanu ndi mmodzi awa alowera pati? Mwina pa zenera.

Lolemba, 12 Meyi

Asewere anabwera. Bulauzi m'manja, akuti batani lathothoka, singano sikuwalowera ulusi masiku ano. Anakhala pa mpando wa makasitomala, chikwama pa maondo. Fungo la sopo wodula.

Akuti, "Asewere, chala chija chinapola bwino? Mukanabwera kwa ife, chigamba si bandeji." Kenako n'kuyamba kuseka okha, akubwereza mawu anga enieni, a abwana aja oti ndasesa modekha. Mawu ndi mawu, osaphonya. Anachita kuchotsa magalasi n'kupukuta maso.

Kundinyodola m'shopu mwanga momwe. Ndinasoka batani msangamsanga, ulusi wofiirira pa bulauzi yoyera. Sanaone n'komwe. Anasisita ndi chala n'kuthokoza kawiri.

Atachoka ndinamva manyazi pang'ono chifukwa cha ulusiwo. Pang'ono pokha.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kabatani anaimba nthawi yopuma kusukulu kwawo, ana akusokosa kumbuyo. Akuti kapepala kanga sikakutseguka, wayesa pa foni, wayesa pa kompyuta ya ahedi. Akuti afunsa amake madzulo.

Pakamwa panga. Pakamwa panga ndi lumo losabwerera m'chimake.

Ndinati usafunse, amako ndi amene atseka. Anaseka, amayesa nthabwala. Ndinapitiriza. Ndinati magazi ndi magazi, wina aliyense amakokera bulangete kwa mayi ake. Ndinati ophunzira amadziwa kuba osagwira kanthu ndi manja. Ndinanenanso zina, sindilemba.

Analeka kuseka. Kenako mawu aja a uphunzitsi, amene sanawalankhulepo kwa ine: "Agogo, amayi anagwira miyezi inayi kuti mawu anu asatayike. Ngati zili choncho ndingoika agogo enawo, yawo ilibe milandu."

Wadula.

Ndasoka zipi ya siketi chadodolido. Ndamasula. Ndasokanso chadodolido.

Lachinayi, 15 Meyi

Foni zii. Asewere 255. Ine 23.

Mkazi wa a butchala akuti phini langa linabaya mwamuna wake m'thumba.

Loweruka, 17 Meyi

Mpongozi wabwera yekha. Ndinamuona akudutsa pa saluni, ndinakhwimitsa nkhope, mawu ndinakonzeratu. Iye siketi m'manja, akuti mpendero wamasuka. Wamasuka bwanji mpendero wosoka ine? Ndinauyang'ana. Wochita kudulidwa ndi lumo, bwinobwino, nchesi zitatu. Mwana ameneyu anadzipangira chifukwa chobwerera kuno. Ndinatenga singano.

Anakhala pansi. Sanatchule za Kabatani, koma maso anali otupa. Anapempha kuona kapepala kanga. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena, "Amayi, mwakopera bwino kuposa makina. Palibe mwaphonya. Kungoti mwakopera yolakwika."

Anafotokoza pang'onopang'ono, osati ngati kwa chitsiru. Linki ya pamwamba ija kompyuta imaipanga ya nthawi yomweyo basi, ya munthu amene walowa ndi khadi lake, pa mpando umenewo. Timichira tonse tija ndi ta ulendo umodziwo. Ukanyamuka, imayamba kufa. Yokhalitsa ili pansi pa tsamba, pa kachithunzi ka tcheni. Ukadina pamenepo imakupatsa kamzere kamodzi kamene laibulale inalonjeza kuti sikadzasintha, ngakhale asinthe makompyuta onse, ngakhale iye atachoka ntchito. Imeneyo ndiyo yopatsa anthu, ndiyo yolemba m'mapulani a aphunzitsi.

Ndinati, ndiye kuti ine ndinakopera ulusi wogwirizira, uja timasolola munthu akatha kuyesa chovala? Akuti eya, ndendende, ndipo mawu amenewo awabwereka pokaphunzitsa. Akuti mwezi uliwonse amaphunzitsa aphunzitsi zomwezi, ndipo ngakhale ahedi a matayi amalakwitsa pomwepo. Apo mtima unatsikako. Ine ndi ahedi, kalasi imodzi.

Koma sindinagonje msanga. Ndinati nanga bwanji mayi ako unawapatsa yokhalitsayo, ine ayi?

Akuti, "Ndinakupatsani, amayi. Tsiku lojambula lomwe. Khadi lolimba, lachikasu. Aliyense anapatsidwa lake."

Khadi lachikasu.

Nthawi yonseyi ndikupinda mpendero wa siketi yake. Ndipo m'dzanja langa lamanzere, chimene ndikuyezera mpenderowo? Kakhadi kolimba bwino, kamene ndinakapeza m'chikwama mwezi watha, ndinati lisiti yanji yokongola chonchi, n'kukadula m'mbali pa nchesi ziwiri. Mipendero yonse ya mwezi uno yadutsa pa khadi limeneli. Ndinalitembenuza. Dzina langa. Kamzere kamodzi pansi pake. Lumo langa linadya zilembo ziwiri zakumapeto.

Tinayang'anana. Iye anayamba kugwedezeka mapewa, akudziletsa. Ine ndinati seka, mwana iwe, usaphulike. Anaseka mpaka misozi. Safunsa anadya phula, ine ndadya ndi chikho chomwe.

Kenako ndinafunsa za nambala. Ngati khomo langa linali lotseka, 9 uja wafika bwanji pa 23? Anayang'ana pansi. Akuti sangandiuze, analetsedwa. Ndinati siketi iyi situluka. Akuti, "Ndi amayi anga. M'mawa uliwonse, akamamwa tiyi. Nthawi zina kawiri. Maso awo akutha, kuwerenga analeka chaka chatha. Pepala lija analoweza pamtima, amangoligwira kuti anthu asadziwe."

Ulusi wofiirira uja.

Lolemba, 19 Meyi

Dzulo ndinapita kunyumba kwa mpongozi. Mawu akuti ndinalakwa ndi aafupi, koma amakakamira pakhosi ngati ulusi mu bobini. Mawuwo anatuluka ndithu. Iye anati zatha, amayi. Wandisindikizira makhadi 30 atsopano. Ndayenda nawo khomo ndi khomo, kulanda timapepala takufa. A butchala akuti bola ili lilibe phini.

Ndinaimbira Kabatani. Ndinati ndapepesa kwa amako, linki yeniyeni ndili nayo pano, ndikuwerengere? Akuti, "Pulani ndinapereka kale Lachisanu, agogo. Sizisinthika." Mawu aulemu, ozizira ngati simbi ya dzulo.

Basi. Ndadzidulira ndekha.

Lachinayi ana 60 adzamva za wodi yakuti. Kabatani adzaima kutsogolo n'kunena kuti awa ndi agogo anga. Agogo anga. Ine amene ndinasoka yunifomu yake yoyamba, ya mpendero wa nchesi zinayi, ndidzakhala pano ndikubweza thalauza la mlonda.

Ndikudziwa kuti asewere ndi munthu wabwino. N'chimene chikundinyansa. Akanakhala oipa bwenzi ndikugona bwino. Ali ndi penshoni, ali ndi satifiketi pakhoma, ali ndi mwana wamkazi wowasamala, tsopano atenganso Lachinayi. Ngakhale pondimvera andiposa, ine mawu awo ndinawamvera kamodzi, mokakamizika.

Asewere 263. Ine 41. Makhadi ayamba kugwira. Koma nambala sindikuimvanso kukoma.

Lachinayi, 22 Meyi

M'mawa wonse maso pa wotchi. 9 koloko, alowa. Hafu pasiti, mwina tsopano akudina linki. Singano ndathyola ziwiri. Wa saluni akuti ndikupalasa makina ngati ndikuthawa apolisi.

Foni inalira itangokwana 4. Kabatani, mawu ake akale, othamanga, omeza zilembo. Wakhoza. Omuyesa alemba zabwino. Linki inatseguka kamodzi, pa kompyuta ya sukulu yokalamba ija. Ana anaseka mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anasuzumira. Itafika nkhani ya mpendero, aliyense kutembenuza yunifomu yake kuona ngati telala wawo anawasiyira pokulira. Kamtsikana kena kanapeza nchesi zitatu, kanaimirira kuonetsa kalasi yonse. Mmodzi wa oyesa wapempha linkiyo kuti akapatse sukulu zina.

Ndinati dikira. Mpendero? Anamwino amapinda mpendero?

Akuti, "Ndinaika anu, agogo."

Ndinagwira tebulo. Ndinati nanga si unati pulani inapita? Akuti inapitadi, ndi dzina langa. Sanandiuze dala, amafuna ndiphike pang'ono mumphika wanga womwe. Mwana ameneyu pakamwa anatengera kuno.

Ndinayamba kale kunyada. Ndinati ndimadziwa ine kuti magazi a kwa bambo ako ndi olimba. Ndiye anandidula.

"Ine ndinali nditakwiya, ndinalembadi agogo enawo. Iwo ndi amene anandiimbira Lachitatu. Anati mawu awo ndi a lipoti, ana adzagona, oyesa adzandilembera kuti kalasi inazizira. Anati ika a telala, ukhoze."

Ndatseka shopu msanga.

Lachisanu, 23 Meyi, 6 koloko m'mawa

Ndaganiza. Masabata atatu ndakhala ndikuwerenga manambala pa kanema. Ndabwerera masamba a kope lino kufufuza pamene ndinafunsa ngati mwana wakonzeka, ngati akuopa, ngati ali ndi chovala choimira nacho pamaso pa oyesa. Palibe. Ine telala, sindinafunse za chovala. Asewere sanachite zimenezi chifukwa cha ine ayi, asandinamize munthu. Anachitira Kabatani. Pa 263 paja ndikanawapeza tsiku lina. Apa ndiye andisiya kutali, ndipo palibe khadi loti ndigawe.

Nsanje ilipobe. Yangosamuka nyumba.

Ndikupita kwawo ikakwana 8, nthawi ya tiyi wawo. Ndatenga ulusi woyera ndi singano, batani lija ndikalichotse ndisokenso. Ndiwauza chifukwa chake, aseke kapena andithamangitse. Ndipo azileka kumvera foni, mwini mawu ndilipo, nkhani zimene sanajambule ndi zambiri kuposa zimene anajambula. Koma nawonso akambe zawo popanda pepala. Munthu sangagwire zaka 30 m'chipatala n'kutulukamo ndi madeti okhaokha. Ndizitulutsa ine, ngati ndimatulutsa ulusi mu bobini. Zikakoma tikauze mpongozi ajambulenso. Zikakoma kwambiri ndiye ndadziputira ndekha.

Kope ili ndimati ndi langa ndekha, koma makope a matelala satayidwa, wina adzalitsegula kufuna muyeso wa m'chiuno mwa amake. Iwe amene walipeza, kaya ndili moyo kaya ndapita, ona mkati mwa chikuto chakumbuyo. Ndasokererapo makhadi awiri achikasu, langa latsopano ndi la asewere limene ndinapempha kwa mpongozi, msoko wobwerera kawiri, sungasololedwe. Usakopere za pa tsamba la 7 Meyi, mizere itatu ndi theka ija ndi yakufa. Kopera kamzere ka pa khadi, upatse mnzako, makamaka akakhala mphunzitsi, nayenso apatse wina. Onse awiri, wamva? Usasiye la asewere.

Koma langa lili pamwamba. Uyambe ndi limenelo.